Kamtengo ka M'tsitsi Langa

Uthenga woyamba unandipeza Lachiwiri masana, ndili m'kalasi. Foni inanjenjemera m'thumba la siketi, ine n'kuisuzumira pansi pa desiki. Chinali chithunzi. Ine ndi Kasiano titakhala pa masitepe a kuseri kwa holo ya koleji, mutu wanga uli paphewa pake, maso nditatseka ngati munthu wopanda adani. Pansi pake analembapo kuti: "Fiasili, mwana wa mkulu wa mpingo. Kunyumba akudziwa?"

Nambalayo sindinkaidziwa. Ndinatembenuka n'kuyang'ana anzanga m'kalasimo, mmodzimmodzi. Aliyense anali atawerama, akulemba.

Kunyumba sankadziwa, ndipo sankayenera kudziwa. Ife ndife Asamoa, Kasiano ndi wa ku Chuuk, zilumba zina za kutali ndi kwathu. M'nyumba za boma za ku Kalihi, pa chilumba cha eni ake kumene tonse tinasamukira, mitundu iwiriyi imachapira pa makina amodzi ndi kukwera basi imodzi, koma moni sitipatsana. Zaka ziwiri zapitazo anyamata a mbali ziwirizi anamenyana pa siteji ya basi. Achimwene anga a Poasa anabwerako ndi bala la botolo kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Mnyamata wina wa ku Chuuk anachokapo nsagwada zitathyoka, ndipo tonse tinkadziwa amene anazithyola. Kuyambira tsiku limenelo, dzina la Chuuk m'nyumba mwathu linkatchulidwa cholavula.

Ndiye ine n'kukakonda mmodzi wa iwo, chifukwa cha tebulo. Koleji yathu imachita Tsiku la Zilumba chaka chilichonse: magule, zakudya, maphunziro a zilankhulo, akuluakulu ophunzitsa kuluka ndi kusema. Ine anandisankha kuvina taualuga, gule wa mtsikana mmodzi amene amatseka mwambo wonse. Kasiano, yemwe amaphunzira ukalipentala, anam'patsa ntchito yokhoma nsanja yovinira. Tsiku loyamba la zokonzekera tinanyamula tebulo limodzi, iye kutsogolo ine kumbuyo, ndipo anayenda chafutambuyo njira yonse kuti azindiyang'ana, mpaka anawomba chitseko ndi nkhongo. Miyezi itatu inali itadutsa chichitikireni zimenezo.

* * *

Nditatuluka m'kalasi ndinam'peza kumene amaphunzirira ukalipentala, akupala thabwa, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Ndinangomupatsa foni. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Koma tatuluka bwino," anatero.

"Kasiano! Ukuseka? Achimwene akachiona ichi adzakupha."

"Sindikuseka, Sili. Mantha ndili nawo ngati iwe, kungoti anga amatulukira kumano." Anapukuta manja pa buluku. "Tandilola ndipite kwa abambo ako. Ndivale malaya oyera, ndikanene ndekha asanamve kwa anthu."

"Ukachoka pakhomopo uli ndi mano angati?"

"Nanga tizibisala mpaka liti? Mpaka tidzamere imvi kuseri kwa holo?"

"Mpaka Loweruka lidutse. Ababa aitana mpingo wonse kudzandionera ndikuvina pa Tsiku la Zilumba. Amama akhala akusoka chovala changa milungu itatu. Ndikawachititsa manyazi sabata ino, ndatha."

Anandigwira kumbuyo kwa mutu, pamene ndimamanga tsitsi, n'kukhudza kamtengo kamene ndinkabayirapo. Anasema yekha: kakuda, kosongoka, kokhala ndi timizere tonga mano a nsomba yolusa ija ya shaki. Pondipatsa anandiuza kuti kale kwawo mnyamata aliyense ankasema kake, ndi timizere taketake. Ankakalowetsa pakhoma la udzu pamene mtsikana wagona. Mtsikanayo akapapasa timizereto n'kudziwa mwini wake, ankakakankha ngati sakumufuna, koma ngati akuti lowa ankakakokera m'kati. Tinaseka tsiku limenelo, ine n'kukakoka m'manja mwake ndi mphamvu zonse. Amama ndinawauza kuti ndinagula pamsika.

"Ukuganiza kuti watijambula ndani?" ndinafunsa.

Anayang'ana pansi, n'kuyamba kukankha utuchi ndi phazi.

"Kasiano, ndakufunsa."

"Mwina Dorsina. Timaimba limodzi kwaya. Amayi ake ndi amayi anga anakambirana kalekale zoti ine ndi iye... koma ine sindinavomere."

"Ndiye uli ndi mkazi wokuikira kale, ine osandiuza?"

"Ndikuuze chiyani pamene palibe kanthu?"

"Palibe kanthu, koma akutitsatira ndi kamera kuseri kwa holo!"

Anafuna kundigwira dzanja. Ndinalibweza n'kutuluka, misozi ili m'maso. Njira yonse yopita ku basi ndinkangocheuka.

* * *

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, tinakhala pansi pabalaza kuchita mapemphero a banja monga mwa masiku onse. Ababa ankawerenga salimo ndi mawu awo ofewa aja. Si munthu waukali. Amatsuka ndege, amabwera kunyumba akununkhira sopo, ndipo chibadwireni sanandimenyepo. Akakhumudwa amangokhala chete, ndipo kukhala chete kwawoko ndinkakuopa kuposa lamba.

Tili pakati pa pemphero foni yanga inanjenjemera pafupi ndi bondo la a Poasa. Anaitola maso ali chitsekere. Titanena ameni anaiyang'ana.

"'Loweruka ndiwauza ndekha,'" anawerenga mokweza. "Ndani ameneyu? Auza ndani chiyani?"

Ndinadziwa kuti ndi nambala ija inatumiza chithunzi. "Ndi mnzanga wa m'komiti. Pali mphatso imene tikufuna kupatsa aphunzitsi. N'chinsinsi."

"Mnzako wopanda dzina?"

"Wasintha nambala, achimwene."

Anandiyang'ana mpaka ndinamva thukuta likutsika kumsana. Kenako anaponya foniyo pamiyendo panga.

"Ndamva kuti nsanja akukhoma ndi tianyamata ta ku Chuuk. Ikakagwa uli pamwamba, ndikakhomera iwowo pansi."

"Iwe Poasa, Baibulo tangotseka kumene," anatero Amama.

"Ndikungonena. Mlongo wanga ndi mmodzi." Anandikoka khutu monga ankachitira ndili wamng'ono. "Ndapempha tchuthi kuntchito, wamva? Wokuvinira pambali ndidzakhala ine. Ndidzagubuduka pansi mpaka azungu aitane ambulansi."

Onse anaseka. Nanenso ndinaseka nawo, foni nditaifumbata.

* * *

Lachisanu ndinam'peza Dorsina m'chipinda chosungira zovala za magule, akupachika masiketi awo opeta maluwa. Ndi mtsikana wokongola, wa dzino lagolide, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuchita kusankha.

"Ndiwe ukunditumizira mauthenga?"

"Mauthenga anji, mwana wa mkulu wa mpingo?"

"Dorsina, chonde. Sukuwadziwa achimwene anga."

"Ndikuwadziwa bwino. Amene achimwene akowo anam'thyola nsagwada uja ndi msuweni wanga. Mpaka lero amatafunira mbali imodzi." Anawongola siketi ina ndi chikhato. "Iwe ukamaliza kusewera naye Kasiano udzakwatiwa ndi mwana wa abusa, mudzaotcha nkhumba makumi awiri. Iye adzatsala ndi chiyani?"

"Sindikusewera naye."

"Ndiye ukum'bisiranji? Munthu amabisa chimene akuchita nacho manyazi."

Ndinatembenuka kuti ndizipita. Ndili pakhomo anandiitana.

"Kamtengo kako n'kokongola. Udzavale mawa."

Ndili m'basi Kasiano analemba: "Mawa uvine ngati kulibe munthu. Pamene uzidzaponda ndakhoma kawiri."

Ndinayankha: "Mawa usandiyang'ane. Usandipatse moni. Zikavuta uthawe."

"Wa pachilumba ine ndithawira kuti? Mbali zonse ndi madzi."

"Kasiano, ndikunena zoona."

"Nanenso. Sindithawa."

Ndinafufuta mauthenga onsewo, ndinazula kamtengo m'tsitsi n'kukabisa pansi penipeni pa chikwama.

* * *

Loweruka bwalo la koleji linadzaza. Utsi wa nyama, ng'oma za a ku zilumba za Tonga mbali iyi, mbali iyo anthu akuphunzira kuluka zipewa za masamba a kokonati, akuluakulu a ku zilumba za Marshall akuonetsa mapu awo a panyanja. Mpingo wathu unabwera pa minibasi ziwiri. Kasiano ndinamuonera patali, atagwada pambali pa nsanja akulimbitsa misomali. Sitinayang'anane.

Amama ankandiveka kuseri kwa nsalu yotchinga. Anandipaka mafuta a kokonati mpaka khungu kung'anima, anandimanga chipewa chachitali cha nthenga ndi timagalasi, chimene chimafinya mutu ngati chikufuna kuuswa. Tsitsi lawo linkawagwera kumaso. Anapisa dzanja m'chikwama changa kufuna chipeso, n'kutulutsa kamtengo kaja.

"Eya, kandithandize aka." Anapota tsitsi lawo n'kukabayira.

"Amama, ayi! Ndikupatseni kalabala..."

"Chavuta n'chiyani? Kamakana kubwerekedwa? Ima bwino, usagwetse chipewa. Ndikaone ngati abambo ako adya."

Anatuluka. Ndikanawathamangira, koma wovina taualuga saoneka nthawi yake isanakwane, ndipo ndi chipewa chimenecho munthu suthamanga. Ndinangosuzumira pa mpata wa nsalu.

Inali nthawi imene tebulo lililonse limapatsidwa maikolofoni kuti lifotokoze zinthu zake kwa anthu. Inafika pa tebulo la Chuuk Ababa ndi Amama ataima pomwepo, mbale za chakudya zili m'manja, pakuti Ababa amakonda kuphunzira zatsopano. Anailandira ndi Dorsina. Anafotokoza za timitengo ta chikondi bwinobwino: za khoma la udzu, za kukankha ndi kukoka. Anthu anaseka, ena kuliza likhweru. Kenako anakweza kamodzi m'mwamba.

"Aka ndi ka Kasiano, amene watikhomera nsanjayu. Timizere take ndi mano a shaki, palibe mnyamata wina amasema chonchi. Anasema tiwiri. Kanzake sitikudziwa kuti kanakokeredwa m'nyumba ya yani." Anaima kaye, n'kumwetulira. "Pepani amayi, tatembenukani pang'ono. Kali m'tsitsi mwanuko mwakapeza kuti?"

Amama anagwira kumutu. "Ndi ka mwana wanga," anayankha, maikolofoni ili pakamwa pawo. "Anagula pa..."

Sanamalize. Bwalo lonse linati zii, kenako kuseka kunayambira kumbuyo, kwa anyamata. Amama anazula kamtengo kaja, tsitsi lawo la imvi n'kugwera pamapewa pamaso pa mpingo wonse. Ababa anaika mbale yawo patebulo pang'onopang'ono, ngati ingasweke.

* * *

Aphunzitsi oyendetsa mwambo, pofuna kuphimba manyaziwo, anakodola kwaya yathu kuti iyambe. Gitala inalira. Inali nyimbo yanga.

Ndinakwera nsanja. Taualuga amavina akumwetulira, manja akuyenda mofatsa, maso osagwa pansi. Ndinamwetulira mokakamiza. Kutsogolo Ababa anakhala pampando manja ali pamawondo, akuyang'ana mapazi anga. Amama sanakhale. Anaima kumbuyo kwawo, tsitsi lili chimasukire.

A Poasa anakwera monga analonjezera. Anavula malaya, anafuula, anadzimenya pachifuwa, anadzigwetsa mpaka matabwa kulira. Alendo osadziwa kanthu anawomba m'manja. Koma ine ndinkaona maso awo: sanali pa ine. Anali kumapeto kwa nsanja, kumene Kasiano anaima ndi hamala m'manja, osathawa. Ulendo uliwonse akazungulira ankam'yandikira ndi phazi limodzi. Podutsa kumbuyo kwanga anandinong'oneza.

"Mwetulira, mlongo. Vina. Ine ndiye chitsiru chimene chinapempha tchuthi."

Nyimbo itangotha analumphira pansi kulunjika kwa Kasiano. Anyamata a ku Chuuk anaimirira onse pamodzi, athu nawonso. Mayi wina anayamba kukokera ana ake kuchipata.

"Poasa." Ababa sanakweze mawu, sanaimirire n'komwe. "Pano ndi pasukulu pa eni ake. Kanyamule mapoto."

Achimwene anaima mphuno yawo itatsala pang'ono kukhudza ya Kasiano. Anapuma katatu, ndinawerenga. Kenako anam'landa hamala ija mwaulemu, ngati akubwereka, n'kupita nayo.

Kunyumba Amama anandilanda foni, anandimasula chipewa osandiyang'ana, mapini akuzula ndi tsitsi lomwe. Ndinadikira kuti Ababa andiitane, andikalipire, ngakhale andimenye kumene. Anangotenga paipi n'kukathirira nthochi zawo kuseri. Hamala ija a Poasa anaiika pamwamba pa firiji, pamene aliyense ankaiona.

* * *

Lamlungu tinapita kutchalitchi titavala zoyera. Amayi a mumpingo ankandiyang'anira kuseri kwa zokupizira zawo, ndipo pa benchi yathu panatsala mpata woti n'kukhala anthu atatu. Pobwerera, minibasi itangokhota kulowa kwathu, tinaona anthu ataunjikana pa kapinga wa pakhomo pathu: Asamoa, a ku Chuuk, ndi Afilipino a nyumba zapamwamba atasuzumira pamakonde.

Pakati pa kapingapo, padzuwa la masana, panagwada munthu atafunda mkeka kumutu. Ankaoneka mapazi okha, ndi zala zogwira m'mphepete mwa mkekawo. Chala chachikulu chinali ndi chikhadabo chakuda, cha munthu wokhoma misomali. Ndinachidziwa.

"Wagwada pamenepo mutangochoka," anatero mayi wa nyumba yoyandikana nafe. "Tam'patsa madzi, wakana."

Kasiano anali atamvapo za ifoga pa maphunziro a chikhalidwe chathu ku koleji: kuti wolakwa amagwada pakhomo atafunda mkeka mpaka eni nyumba am'vundukule, ndipo akam'vundukula mlandu watha, palibenso wom'khudza. Chimene sanamve n'chakuti kwathu munthu safunda mkeka pa nkhani yaing'ono. Amafunda amene wapha munthu, kapena amene waipitsa mwana wamkazi wa eni ake.

Mpingo wonse unali utatsika m'minibasi. Manong'onong'o anayenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, maso onse n'kugwera pamimba panga. A Poasa anavula jekete loyera, analipatsa Amama, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi hamala.

Ababa anaima pakati pa iwo ndi mkekawo. Anatembenukira kwa ine, n'kulankhula m'Chingerezi kuti wa pansi pa mkekayo amve.

"Mwana wanga, kamtengo si mlandu wofundira mkeka. Ngati ndi kamtengo kokha, ine ndilibe chovundukula pano, ndilowa m'nyumba. Dzulo mchimwene wako anandimvera, lero sindikudziwa. Koma ngati pali mdzukulu wanga m'nkhaniyi, sindingalole kuti abadwe atate ake ali kumanda, amalume ake ali kundende. Ndiuze zoona. Uli ndi pakati?"

Kasiano anali asanandikhudzepo kupitirira dzanja ndi tsaya. Ndinayang'ana Amama, atakumbatira jekete lija. Ndinayang'ana zala za achimwene zitalimba pa mpini, bala la botolo lija likung'anima ndi thukuta. Ndinayang'ana mkeka uja ukukwera ndi kutsika ndi mpweya wa munthu wotopa.

"Inde, Ababa."

Amama anakhala pansi pa kapinga ndi zoyera zawo zomwe. Mayi wina anaitana dzina la Yesu. Dzanja la achimwene linalefuka, hamala n'kugwera paudzu. Ababa anatseka maso kanthawi, kenako anawerama, anagwira ngodya ya mkeka n'kuuvundukula.

Kasiano anaonekera nkhope ili thukuta lokhalokha, maso ofiira akuphethira padzuwa. Sanayang'ane Ababa, sanayang'ane a Poasa. Anayang'ana ine, ngati akundiona koyamba. Ndinam'pukusira mutu pang'ono, ndikum'chonderera ndi maso kuti akhale chete, koma sanandimve. Anafunsa ndi mawu osasa, amene anamveka mpaka pamakonde apamwamba.

"Fiasili, mimbayo ndi ya ndani?"